Okushoni ya pa foni: wogulitsa wa ku Namitambo ndi lamulo

Mawu oti okushoni si achilendo ku Chiradzulu. Amene analimapo fodya amaidziwa okushoni ya ku Limbe, kumene mabelo amandandalikidwa m'mizere, ogula n'kumayenda pambuyo pa wotchula mitengo. Ena anaonererapo masherifu akugulitsa mipando ndi mafiriji olandidwa pa ngongole. Chatsopano n'chakuti okushoni yalowa m'foni. Mnyamata wa kabaza pa Namitambo ajambula njinga yake yamoto, aponya chithunzicho pa gulu la WhatsApp kapena pa Facebook, alemba kuti "tiyambira pamtengo uwu, wokwera kuposa onse pofika Lachisanu watenga," basi msika watsegulidwa. Mayi woweta nkhumba achitanso chomwecho. Wa kaunjika nayenso, akatsegula belo n'kupezamo jekete yooneka bwino, saipachikanso pamsika, amaionetsa kaye pa foni kuti anthu alimbirane.

Kunja kuli misika ikuluikulu ya ntchito imeneyi. Ku America eBay inayamba mu 1995, ndipo abale athu a ku Johannesburg amadziwa bidorbuy, imene inayamba mu 1999 ndipo pano ikutchedwa Bob Shop. Koma tisanamizane, wogulitsa wa ku Namitambo sayambira kumeneko. Msika wake ndi magulu a pa foni, ndipo ngati ali ndi mbewu zochuluka, kulinso misika ya mbewu yochitikira pa intaneti imene tiikambe kutsogoloku.

Ku Limbe kuja mlimi amangofikitsa fodya. Kampani yoyendetsa okushoni ndiyo imapima, kulemba tikiti, kutchula mitengo ndi kutolera ndalama, bungwe la Tobacco Commission likuyang'anira. Pa gulu la WhatsApp anthu onsewa palibe. Mwini katundu ndinu, wotchula mitengo ndinu, kalaliki ndinu, wolandira ndalama ndinunso. Ndiye zonse zimene lamulo limafuna kwa anthu amenewa zimagwera inu nokha, ndipo pakabuka mkangano, chimene chidzakuikireni umboni kapena kukutsutsani ndi mawu amene munalemba anthu asanayambe kutchula mitengo.

Katunduyo ndi wanudi?

Lamulo la Sale of Goods Act, lomwe ndi mutu 48:01 wa malamulo a dziko lino, limatenga wogulitsa aliyense ngati munthu amene walonjeza kuti ali ndi ufulu wogulitsa chinthucho, ngakhale sanatchule zimenezo ndi pakamwa. Limanenanso kuti, kupatula pa zifukwa zochepa, wogula sangakhale mwini wa chinthu chimene womugulitsayo sanali mwini wake. Kwathu kuno nkhaniyi si yaing'ono. Mkamwini amene waponya pa gulu chithunzi cha mbuzi za m'khola la pakhomo, pomwe mbuzizo ndi za akazi ake kapena za apongozi, wayamba milandu iwiri, wa kunyumba ndi wa wogula amene adzafune ndalama zake eni mbuzi akazikaniza. Katundu wa malemu amene sanagawidwe ali chimodzimodzi. Kukhala mwana wamkulu kapena mwinimbumba sikupatsa munthu chilolezo chogulitsa yekha.

Foni, laputopu kapena njinga zimene munagula kwa munthu wongodutsa, sungani umboni wa kumene zinachokera. Gawo 328 la Penal Code limalanga wolandira katundu wakuba akudziwa kapena ali ndi chifukwa choganizira kuti ngwakuba, ndipo chithunzi chimene mwachionetsa kwa anthu mazanamazana chingafike pamaso pa mwini wake. Njinga yamoto ndi galimoto zikagulidwa, pitani limodzi ndi wogula ku ofesi ya Road Traffic mukasinthe dzina pa bulubuku. Mukazengereza, tsiku limene njingayo idzagunde munthu apolisi adzayambira pakhomo panu. Ziweto zofuna kutuluka m'dera zimafuna chilolezo cha alangizi a ziweto, ndipo kukagwa chigodola cha nkhumba boma limaletseratu kuyendetsa ndi kugulitsa nkhumba m'dera lokhudzidwalo, kaya wogula munampeza pamsika kaya pa Facebook.

Zina n'zoletsedweratu, ndipo foni siiziyeretsa: mankhwala a kuchipatala popanda chiphaso cha bungwe la PMRA, makala opanda chilolezo cha a zankhalango, ngaka ndi minyanga, zomwe chilango chake chinakwezedwa mu 2017 kufika zaka 30 m'ndende. Kugulitsa nyumba ndi malo a anthu ena pa okushoni ngati ntchito nakonso kuli ndi malamulo ndi ziphaso zakezake.

Chithunzi ndi lonjezo

Wogula wa pamsika wa Namitambo amapisa dzanja m'thumba, kutafuna nandolo kuti amve ngati wauma, kuliza injini ya njinga. Wa ku Ndirande kapena ku Lilongwe amene akuona pa foni sangatero. Akugula mawu anu ndi chithunzi chanu. N'chifukwa chake lamulo lija la Sale of Goods Act limati katundu wogulitsidwa pomufotokoza ayenera kufanana ndi mmene anafotokozedwera, ndipo wogulitsidwa poonetsa chitsanzo ayenera kufanana ndi chitsanzocho. Mukalemba kuti "matumba 20 a makilogalamu 50, nandolo wouma, wosafumbwa," mwalonjeza zinthu zinayi, ndipo chimodzi chikapanda kukwanira wogula ali ndi ufulu wokana katunduyo kapena wofuna chipukutamisozi. Alimi a fodya amadziwa chimene chimachitika belo likapezeka kuti kunja kuli tsamba labwino koma m'kati mwabisidwa zinyalala. Kujambula thumba labwino lokhalo, ena 19 ali ndi anankafumbwe, ndi khalidwe lomwelo.

Ine ndimaona kuti wogulitsa wochenjera amayamba ndi kutchula chilema. Lembani kuti foni ili ndi mng'alu pakona, batire silikhalitsa. Njinga imadontha oyilo. Nkhumba inabereka kawiri. Mtengo utsikako pang'ono, koma chilema chimene munachitchula poyera sichingasanduke mlandu mawa. Sikelo yanunso ikhale yoyesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards. Timadandaula chaka ndi chaka za masikelo a mavenda, ndiye tisakhale ife oyamba kupimira ndowa yophwanyika m'mbali n'kumaitcha makilogalamu 20.

Mawu aja okondedwa ndi amalonda akuti "katundu akagulidwa sabwezedwa" alibe mphamvu yofufuta ufulu wa wogula pamene katunduyo ndi woonongeka kapena wosiyana ndi amene analonjezedwa. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission lakhala likuchenjeza amalonda za zikwangwani zotere, ndipo lamulo latsopano la 2024, limene linalowa m'malo mwa la 1998, linapatsa bungweli mphamvu yolipiritsa lokha chindapusa ndi kulamula kuti wogula abwezeredwe ndalama. Amene akugulitsa katundu wake wakale kamodzi kokha sali m'gulu limodzi ndi wabizinesi wogulitsa sabata ndi sabata, koma bodza pa malonda lilibe mwini woloredwa. Kutenga ndalama ya munthu pomunamiza ndi mlandu wa gawo 319 la Penal Code.

Nyundo ya pa foni imagwa liti?

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Sale of Goods Act ili ndi mfundo zake za okushoni. Zinalembedwa kale, nthawi ya nyundo ndi tebulo, koma n'zothandiza kwa aliyense woitanitsa mitengo, ndipo wanzeru amazikopera m'malamulo a malonda ake.

Mfundo yaikulu ndi yakuti malonda amatha pamene woyendetsa okushoni walengeza kuti atha, pomenya nyundo kapena mwa njira ina yozolowereka. Zisanafike pamenepo, wotchula mtengo angathe kubweza mawu ake. Zikafika, mgwirizano wamangika, ndipo wamanga mbali zonse ziwiri. Tiyerekeze kuti mwalemba kuti malonda atsekedwa Lachisanu 6 koloko madzulo, ndipo pa nthawiyo mwalengeza pa gulu kuti bambo uje apambana. Loweruka m'mawa wina akuimbirani kuti awonjezera K50,000. Mukampatsa wachiwiriyu, mwaphwanya pangano, ndipo woyamba uja angathe kukusumirani. Nayenso wopambana akayamba kuzembazemba, waphwanya ndi iyeyo. Choncho lembani tsiku ndi ola lotsekera, ndipo nenani kuti mitengo yovomerezeka ndi yolembedwa pa gulu pokha. Mitengo ya kumbali, yonong'onezana, ndiyo imabala mawu akuti "munakondera."

Lamulo limakulolani kuika mtengo wotsikitsitsa umene simungalole kupitirira pansi pake. Uwu ndi ufulu wanu waukulu, koma muyenera kulengeza pachiyambi kuti mtengo wotero ulipo. Mukangolemba kuti "wokwera kuposa onse watenga" osaonjezera kanthu, ndiye anthu n'kuthera pa theka la zimene mumayembekeza, mudzavutika kufotokoza chifukwa chimene mukukanira.

Pali kachenjerero kena kamene anthu amakaona ngati nzeru. Wogulitsa amauza mlamu wake kapena mnzake wa ku bawo kuti azitchula mitengo yokwera kuti ogula enieni atenthe mtima, kapena iye mwini amalowa ndi nambala yachiwiri. Lamulo limati ngati simunalengeze kuti mwadzisungira ufulu wotchula nawo mtengo, n'kosaloledwa kuti inu kapena munthu wotumidwa ndi inu atchule, ndipo wogula angathe kutenga malonda oterowo ngati achinyengo. Pamudzi zinthu izi sizibisika nthawi yaitali. Manambala a foni analembetsedwa ndi chiphaso cha unzika kuyambira 2018, ndipo ngakhale popanda zimenezo, aliyense amadziwa kuti uje ndi mlamu wa uje.

Kanthu kena kakang'ono: katundu akagawidwa m'magulu, gulu lililonse limatengedwa ngati malonda akeake. Mbuzi zitatu zoikidwa payokhapayokha ndi mapangano atatu. Ngati mukufuna zipite zonse pamodzi, nenani.

Wina angafunse kuti, kodi uthenga wa pa foni ungaime pabwalo la milandu? Ungaime. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limavomereza mauthenga ndi mapangano ochitika pa makina, ndipo salola kuti akanidwe pa chifukwa chokhacho chakuti sali papepala. Lamulo lomwelo limafuna kuti wochita malonda pa intaneti adzionetse: dzina lake lenileni, kumene amapezeka, njira yomupezera, mtengo wonse pamodzi ndi zolipira zina. Dzina lamasewera ndi chithunzi cha mkango sizikwanira kwa munthu amene akuitanitsa ndalama za anthu. Ndipo popeza mauthenga ndi umboni, musawafufute. Jambulani chilengezo chanu, mitengo yonse mmene inabwerera, ndi uthenga wolengeza wopambana, nthawi yake ikuoneka. Mawu a pakamwa pa foni atsatireni ndi uthenga wolemba wobwereza zimene mwagwirizana.

Ndalama kaye, katundu pambuyo

Wogulitsa amene sanalipidwe ali ndi ufulu wogwira katundu mpaka ndalama italowa, pokhapokha ngati anavomera yekha kupereka pa ngongole. Katundu wosachedwa kuonongeka, monga tomato ndi kabichi, angathe kumugulitsa kwina wogula akalephera kulipira. Katundu wina amayamba wamuchenjeza wogulayo ndi kumupatsa nthawi yokwanira. Kuti pasakhale kukokanakokana, lembani pachiyambi pomwe kuti wopambana alipire pasanathe maola angati, ndipo akalephera mwayi upita kwa wachiwiri. Ngati mukufuna dipoziti, nenani ngati idzabwezedwe kapena ayi munthu akasintha maganizo.

Airtel Money ndi TNM Mpamba zapeputsa malonda, koma zabweretsanso akathyali awo. Njira zawo n'zodziwika. Wina amakutumizirani uthenga wopeka wooneka ngati wa kampani, kapena chithunzi cha uthenga, n'kumakufulumizitsani kuti "minibasi ikunyamuka, kwezani katunduyo." Wina amati watumiza ndalama yopitirira molakwitsa, mumubwezere yapamwambayo. Winanso amadzitcha wa ku kampani ya foni n'kufunsa nambala yanu yachinsinsi. Onsewa yankho lake ndi limodzi: tsegulani nokha akaunti yanu muone ngati ndalama yalowadi. Wolakwitsa kutumiza aimbire kampani yake imubwezere, si ntchito yanu. Nambala yachinsinsi siiperekedwa kwa aliyense, ngakhale kwa ejenti amene mumapemphera naye. Gwirizananinso za ndalama yotapira, chifukwa pa malonda aakulu imaluma, ndipo ngati ndalamayo ndi yochuluka kuposa imene akaunti ya pa foni imalola, banki ilipo.

Katundu akakwera minibasi kapena njinga kupita ku Limbe, akatayika panjira waluza ndani? Mwa lamulo, ngati simunapangane mwina, chiopsezo chimatsata umwini, ndipo kupereka katundu kwa wonyamula kuti akafikitse kwa wogula kumatengedwa ngati kupereka kwa wogulayo, bola wogulitsa akhale atakonza kanyamulidwe koyenera. Koma musadalire kuti mudzakatanthauzira zimenezi pabwalo. Lembani kuti wosankha ndi kulipira wonyamula ndani, jambulani katundu akukwezedwa ndi nambala ya galimoto, tumizani kwa wogula nthawi yomweyo. Pokumana maso ndi maso ndi munthu wosamudziwa, sankhani masana, pamalo a anthu, ndipo musapite nokha.

Kwa a nandolo ndi soya

Alimi a mbewu ali ndi njira ina yokhala ndi woyang'anira. Agricultural Commodity Exchange for Africa, imene ambiri amangoti ACE, inakhazikitsidwa mu 2004 mothandizidwa ndi NASFAM ndipo inayamba malonda mu 2006. Ili ndi okushoni za pa intaneti za mitundu iwiri. Pa imene amaitcha Bid Volume Only, wogula wamkulu amalengeza kuchuluka kwa mbewu zimene akufuna, ogulitsa n'kumapikisana potchula mitengo; bungwe la World Food Programme lagulapo chakudya mwa njira imeneyi. Pa Offer Volume Only zimatembenuka: wogulitsa amalengeza matani amene ali nawo, ogula ndiwo amapikisana. Msika wina wotere, AHCX, unatsegulidwa mu 2013, ndipo misika ya mtundu umenewu imayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi.

Mtima wa njira imeneyi ndi lisiti ya nyumba yosungira mbewu, imene ili ndi lamulo lakelake la 2018. Mbewu zanu zimapimidwa, kuyezedwa chinyontho, kupatsidwa giredi, inu n'kulandira lisiti yosonyeza kuti muli ndi matumba akutiakuti a mtundu wakutiwakuti. Wogula wa kutali amakhulupirira lisitiyo, osati mawu anu, ndipo lisiti yomweyo ingakhale chikole cha ngongole. Mlimi wa matumba asanu payekha sangapindule, mtengo wa thiransipoti umudya. Njirayi imakomera kalabu kapena kopaletivi imene yasonkhanitsa mbewu. Musanasaine funsani zolipira zonse, zopetera, zosungira mwezi uliwonse, za matumba, gawo la msikawo, ndi chiwongoladzanja ngati mwatenga ngongole. Ndipo kusunga si chitsimikizo chakuti mtengo ukwera. Mu Ogasiti 2017 dziko la India linaika malire a matani 200,000 pa nandolo wolowa m'dzikomo, mitengo kuno n'kugwa, alimi a m'maboma a kumwera n'kutsala ndi matumba m'nyumba. Pangano la 2021 loti India azigula matani 50,000 pachaka kwa zaka zisanu linabweretsako mpumulo, koma linaonetsanso kuti mtengo wa nandolo wa ku Chiradzulu umapangidwira kutali. Amene wasungitsa mbewu pa ngongole aziwerengera zimenezi. Mitengo yoyambira imene Unduna wa Zamalimidwe umalengeza chaka chilichonse ndi poyambira pabwino poika mtengo wanu wotsikitsitsa.

Za ziphaso ndi msonkho tingodutsapo. Kugulitsa wailesi yanu yakale si bizinesi. Koma mukayamba kuoda ndi kugulitsa mwezi ndi mwezi, ndinu wabizinesi ngakhale mulibe okala: dzina la bizinesi limalembetsedwa motsatira Business Registration Act ya 2012, chiphaso chochitira malonda mukafunse ku khonsolo ya Chiradzulu, ndipo nambala ya msonkho ya TPIN imachokera ku MRA. Makampani akuluakulu kawirikawiri safuna kugula kwa munthu wopanda mapepala amenewa, ndipo akakudulani msonkho polipira, itanitsani chikalata chosonyeza kuti adula.

Zikavuta

Wogula akakuberani mwachinyengo, kanenani ku polisi muli ndi mauthenga onse, ndipo dziwitsani kampani ya foni msangamsanga ndalama isanatapidwe. Madandaulo okhudza makampani a foni amene sakuthetsedwa amapita ku MACRA. Ngati nkhani ndi ya ngongole chabe, munthu anatenga katundu koma sakumaliza kulipira, umenewo ndi mlandu wa pakati pa anthu awiri. Yambani ndi kalata yomupatsa tsiku lomaliza, mkhalapakati monga amfumu ngati ndi wa m'dera lomwelo, kenako bwalo la majisitireti, kumene milandu ing'onoing'ono simafuna loya. Wosowa ndalama ya loya pa mlandu waukulu angapemphe thandizo ku Legal Aid Bureau.

Chimene muyenera kupewa ndi chimene mtima umafuna kwambiri: kuponya chithunzi cha munthuyo pa Facebook ndi mawu akuti "wakuba uyu," kufalitsa chiphaso chake cha unzika, kapena kumutumizira mauthenga oopseza usiku ndi usana. Lamulo la 2016 lija lili ndi milandu ya kuzunza ndi kuopseza munthu pa makina, ndipo anthu amangidwapo chifukwa cha zolemba pa WhatsApp ndi pa Facebook. Data Protection Act ya 2024 nayo imateteza zinthu monga nambala, chithunzi ndi chiphaso cha munthu kuti zisagwiritsidwe ntchito pa zimene sanaziperekere. Wogula anakupatsani nambala yake kuti mumutumizire katundu. Mukaimwaza pa magulu khumi, mwina iye ndiye ayambe kukafika ku polisi, ngongole yanu ili chikhalire.